Mafunso Anu: Dimba langa likuuma koma nyanja ikusefukira, zikutheka bwanji?

FUNSO: Akulu, ine ndimalima dimba la tomato ndi mpiru kuno ku Lifuwu m'boma la Salima. Kale ndikathirira mmawa bedi limakhala lonyowa mpaka mawa lake koma masiku ano ikamakwana 2 koloko dothi lauma kale gwa. Chondizunguza mutu nchoti nyanja ili pompano ndipo mu 2024 inachita kusefukira mpaka kulowa mmalo ogona alendo ku Senga Bay. Ngati kutenthaku kukumwa madzi a mdimba mwanga, nanga nyanjayo bwanji siikuphwa? Mlimi, Lifuwu.

YANKHO: Bambo, nyanjayo nayonso ikumwedwa, tena kwambiri, kungoti simuona ndi maso. Nyanja ya Malawi ndiyaikulu pafupifupi masikweya kilomita 29,600 ndipo khomo lake lotulukira ndi limodzi basi, mtsinje wa Shire ku Mangochi, koma madzi otuluka kumeneko ndi ochepa, pafupifupi magawo 8 mwa 10 a madzi omwe nyanja imataya pachaka amangosanduka nthunzi nkukwera kumwamba. Zija za 2024 zinachitika chifukwa mvula ndi mitsinje yothira mnyanja, kuphatikizapo Songwe ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, zinabweretsa madzi oposa omwe amaulukawo. Zikatembenuka zimakhala zoopsa, cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika mpaka Shire anasiya kutuluka, ndipo kuthimathima kwa magetsi kwa 2016 kuja gwero lake lina linali lomweli, madzi ochepa opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Tsono ambiri timaloza dzuwa lokha, pomwe zilipo zitatu zogwirira limodzi, kutentha, kuuma kwa mpweya ndi mphepo. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula nthunzi yoonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndiye umakhala ndi ludzu ndithu, ndipo mphepo ntchito yake nkuchotsa mpweya womwe wakhuta kale chinyontho pamwamba pa madzi nkubweretsa wina wouma. Funsani amayi oyanika usipa pa thandala, tsiku la dzuwa lopanda kamphepo usipa umachedwa kuuma mpaka kuyamba kafungo, koma kukakhala mphepo ngakhale kukuzizira umauma bwinobwino. Nchifukwa chake nyanja imataya madzi ambiri nthawi ya mwera, June mpaka August, pomwe ife tavala majuzi, chifukwa madziwo amakhala ofunda kuposa mpweya wouma ukudutsa pamwamba pakewo.

Dimba lanu ndi nkhani ina. Nyanja ili ndi madzi opereka nthawi zonse, mpweya ukafuna ambiri imapereka ambiri, pomwe dothi limapereka omwe lili nawo basi, ndipo dothi lamchenga la mmbali mwa nyanjamu silisunga madzi nthawi yaitali. Pamwamba pakauma kuuluka kwa madzi kumachepa, ndiye mphamvu ya dzuwa ija mmalo moumitsa madzi imayamba kuwotcha dothi ndi mpweya, mpweya nkuuma kwambiri, ludzu lake nkukula, mukangothira kheni imodzi umatenga msanga. Tomato nayenso amatulutsa madzi kudzera mtimabowo ting'onoting'ono ta mmasamba, akaona kuti mizu siikupeza okwanira amatseka timaboworo, koma mpweya wopangira chakudya chake umalowera momwemo, ndiye mumaona masamba afota masana, maluwa akuyoyoka, zipatso zing'onozing'ono. Zimandiwawa kwambiri ndikamva mlimi akudzida kuti mwina mbewu inali yoipa kapena feteleza anachepa, pomwe madzi ake ena apita kumwamba asanafike kumizu.

Azanyengo amayeza kuuluka kwa madziku ndi chibeseni chachitsulo chotambalala pafupifupi masentimita 120, kuya 25, amathiramo madzi nkumaona tsiku ndi tsiku kuti atsika bwanji. Chodabwitsa nchoti mmaiko ambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1900 madzi a mmabeseniwa amauluka ochepa chonsecho dziko likutentha, ndipo akatswiri anapeza kuti mwa zina mphepo inafooka komanso utsi ndi mitambo zimatchinga dzuwa. Apa mpamene mungaone kuti kutentha pakokha sikulongosola zonse.

Inuyo dzuwa simungalisinthe koma mphepo ndi dothi mungazigwire. Phimbirani mabedi ndi udzu wouma, mapesi achimanga kapena ampunga omwe ku Lifuwu ndi osasowa, mokhuthala ngati zala zinayi, musiye kampata pozungulira tsinde kuopa chiswe ndi kuola. Thirani manyowa ambiri mdothi lamchengalo. Thirirani mbandakucha kapena dzuwa litapendeka, patsinde penipeni osati kumwaza bedi lonse, ndipo kuthira ambiri kamodzi kuti alowe pansi kuli bwino kuposa kunyowetsa pamwamba pafupipafupi. Mbali yakummwera komwe mwera umachokera ikani mpanda waudzu kapena mzere wa nthochi. Ngati mukukumba dziwe losungira madzi likhale lakuya osati lotambalala, chifukwa madzi amaulukira pamwamba pokha, muone nyanja ya Chilwa yomwe ndiyosaya, inauma mu 1995 ndipo mu 2018 inatsalanso pang'ono kutheratu.