Relish si ndiwo zokha: momwe mungamufotokozere Mjeremani

Achemwali, mwati mnzanu wa ku Hamburg ku Germany amene akuphunzira Chingerezi anakumana ndi chiganizo chakuti "She relished the challenge", inu n'kumuuza kuti relish ndi ndiwo, ndiye mutu wake wangozungulira. Simunalakwe ayi. Ku Malawi ndi ku Zambia munthu akati relish amanenadi ndiwo, kaya ndi usipa, nyemba kapena chisoso. Kungoti tanthauzo limenelo ndi la kwathu kuno, ndipo Mngelezi wa ku London sangalimve msanga.

M'chiganizo chijachi relish ndi mneni. Muuzeni kuti pa Chijeremani ndi genießen, koma yamphamvu kuposa enjoy. Enjoy amanena paliponse, ngakhale pa tiyi wozizira amene wamwa mwaulemu chabe. Relish ndi pamene chinthu chakukomera mpaka mumtima, monga munthu amene wakhalira chambo chowotcha, osayankhula ndi aliyense, kumangonyambita zala. Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti Angelezi amakonda kuika liwuli pa zinthu zolimba: mpikisano, mkangano, ntchito imene ena akuithawa. Mayi wa m'chiganizo chija sanaope vutolo, linkamukoma. Mawuwa amamveka kwambirinso pokana. Wina akati "I don't relish the idea", ndiye kuti zimene zikubwerazo sakuzilakalaka m'pang'ono pomwe, zomwe Mjeremani anganene kuti "Ich freue mich nicht gerade darauf".

Msampha waukulu uli kwa ife, osati kwa iye. "He ate with relish" pa Chijeremani ndi "Er aß mit Genuss", kutanthauza kuti ankadya akumva kukoma. Mmalawi akawerenga chiganizo chimenechi amaona mbale ya nsima ndi ya ndiwo pambali. Mwana wa sukulu akhoza kugwa pomwepa.

Likakhala dzina la chakudya, mnzanuyo akulidziwa kale, mwina sanalumikize chabe. M'masitolo a ku Germany muli Gurkenrelish wa m'botolo, nkhaka zodulidwa tizidutswa, zothira viniga ndi shuga, zimene amapaka pa soseji ndi buledi. Matanthauzo onsewa amachokera pa muzu umodzi, mawu a Chifalansa chakale akuti reles, otanthauza chotsalira. Poyamba ankanena kakomedwe kamene kamatsala m'kamwa munthu atameza. Kuchoka apo anafika pa kukondwera ndi chinthu, komanso pa chakudya chimene chimakometsa chinzake. Ndiwo zathu zinalowera khomo limeneli, paja ndi zimene zimatsitsa nsima.

Popeza muli pa nkhani ya kukoma, mukonzeni ichinso chisanamere mizu. Ajeremani amati "Das schmeckt mir", kutanthauza kuti chakudya chikundikomera, ndiye ambiri amakokera ku Chingerezi n'kumati "It tastes me good". Palibe zotero. Anene kuti "It tastes good" kapena "I like it". Ndipo asamafulumire kugwiritsa ntchito relish pothokoza wophika. Likhoza kumveka ngati akuwerenga buku.

Pomuphunzitsa katchulidwe, mphamvu ikhale pa "re" woyambayo. Inunso tcherani khutu, chifukwa mawu amenewa ali ndi r ndi l pamodzi, zimene ife a Chichewa timazisinthanitsa osadziwa. Iye r wake amachokera kukhosi. Mutchulirane mobwerezabwereza mpaka malilime azolowere.