Funsani Tikuyankheni: Woweruza amene anafunsidwa ngati ndi nzika

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa mbiri kuno ku Ulónguè. Ndinamva kuti ku America kunali woweruza milandu amene anamutengera kukhoti pomunena kuti si nzika, chonsecho anabadwira konko. Anali ndani, ndipo mlanduwo unatha bwanji? Nanga minda ya anthu a mtundu wake inapulumuka?

YANKHO: Aphunzitsi, amene mukumunenayo ndi Pablo de la Guerra. Anabadwa mu 1819 ku Santa Barbara, California idakali m'manja mwa Spain. Posakhalitsa derali linakhala la Mexico, kenako nkhondo ya Mexico ndi America itatha mu 1848, pangano la Guadalupe Hidalgo linalipereka kwa America. Munthu mmodzi, mudzi womwewo, mbendera zitatu. Ophunzira anu a ku Calómuè, pamalire a Mozambique ndi Malawi, sangavutike kumvetsa zimenezi, poti nawonso malire a 1891 anadula pakati pa achibale awo ndi a ku Dedza.

Anthu olankhula Chisipanishi obadwira ku California ankatchedwa ma Californio. Panganolo linati amene atsala apatsidwe chaka chimodzi chosankha: wosanena kuti akufuna kukhalabe nzika ya Mexico ankatengedwa kuti wasankha America. De la Guerra anatsala. Mu 1849 anali mmodzi wa nthumwi 48 zimene zinakumana ku Monterey kulemba malamulo oyendetsera California. Ena atafuna kuti azungu okha ndiwo aziponya voti, iye anafunsa kuti mzungu ndani, popeza ma Californio ambiri anali akuda khungu ndipo ankavota kale. Anangopambana pang'ono: anagwirizana kuti nyumba ya malamulo ingalole Amwenye a ku America kuvota ngati magawo awiri mwa atatu a aphungu avomereza. Anagwirizananso kuti malamulo azisindikizidwa m'Chingelezi ndi m'Chisipanishi. Pambuyo pake anakhala phungu wa Senate (nthambi ya nyumba ya malamulo) ya California, ndipo mu 1861 anagwirizira udindo wa wachiwiri kwa bwanamkubwa.

Mlandu wa unzika unabuka ali kale woweruza. Omutsutsa anagwira mawu a m'ndime yachisanu ndi chinayi ya pangano lija, akuti anthuwa adzalandiridwa ngati nzika pa nthawi imene Congress, nyumba ya malamulo ya America, idzaone kuti ndi yoyenera. Anati Congress sinakhazikitsepo lamulo lotero, choncho iye si nzika ndipo sangakhale pampando wa woweruza. Mu 1870 khoti lalikulu la California linawagwetsa. Linati pamene Congress inalandira California kukhala chigawo cha America pa 9 Seputembala 1850, inalandiranso anthu akewo. Tangoganizani, munthu woti anasayina nawo malamulo a chigawocho!

Za minda ndiye zinavuta. Lamulo la 1851 linapatsa aliyense amene analandira malo kwa Spain kapena Mexico zaka ziwiri kuti abweretse umboni ku bungwe loona za malo, lomwe kawirikawiri linkakhala ku San Francisco. Udindo wotsimikiza unali wa mwini malo, osati wa boma. Mapu akale anali ojambula pamanja, malire ake mtengo, mtsinje kapena mulu wa miyala, ndipo khoti linkafuna muyeso weniweni. Mwa madandaulo oposa 800, pafupifupi 600 anavomerezedwa, ndiye mungati zinayenda. Ayi. Boma linkachita apilo, ndipo kuti chikalata cha umwini wa malo chituluke pankapita zaka ngati 17. M'zaka zonsezo loya akufuna malipiro, msonkho ukufunika, katapira akukwera, obwera amanga kale nyumba m'mundamo. Ambiri analipira maloya ndi malo omwewo. Chilala cha 1863 ndi 1864 chinadzamaliza ng'ombe zimene zikanabweza ngongolezo. De la Guerra anadandaula zimenezi mu Senate.

M'kalasi mungayerekeze ndi lamulo lathu la malo la ku Mozambique la 1997. Kuno nthaka ndi ya boma, koma DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malo, munthu amakhala nayo ngati malowo ndi a makolo, kapena ngati wawagwiritsa ntchito mosabera kwa zaka khumi, ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi umalandiridwa.

De la Guerra anamwalira mu 1874. Patapita zaka zisanu, malamulo atsopano a California anachotsa ndime ija yosindikiza m'Chisipanishi.