Mafilimu ndi nyimbo za ku South Korea sizinatchuke mwadzidzidzi

Mwafunsa kuti zatheka bwanji kuti mafilimu ndi nyimbo za ku South Korea zifalikire padziko lonse m'kanthawi kochepa chonchi. Ine ndikuona kuti si kanthawi kochepa ayi, chifukwa mbewuyi inadzalidwa kale ndithu.

Chuma cha maiko angapo a ku Asia chitagwa mu 1997, boma la Pulezidenti Kim Dae-jung wa ku South Korea, yemwe analowa pampando mu 1998, linaona kuti zaluso zikhoza kugulitsidwa kunja monga magalimoto, ndipo linaikapo ndalama komanso kufalitsa intaneti yothamanga m'dzikomo. Makampani oimbitsa nyimbo nawo ankatenga achinyamata n'kuwaphunzitsa kuimba, kuvina ndi zinenero zakunja kwa zaka zingapo asanawatulutse pagulu. Njira imeneyi imandidetsa nkhawa, pakuti ambiri mwa anawa amakhetsa thukuta koma osafika n'komwe pamaso pa anthu.

Masewero a pa kanema a m'dzikoli anayamba kukondedwa ku China ndi ku Japan, kenako intaneti inawafikitsa kutali. Mu 2012 nyimbo ya ku South Korea yotchedwa Gangnam Style inakhala vidiyo yoyamba kuoneredwa maulendo 1 biliyoni pa YouTube, ndipo mu 2020 Parasite inakhala filimu yoyamba yosakhala ya m'Chingerezi kulandira mphoto yaikulu kwambiri ya Oscar.

Komabe chimene chimandikoka ine ndi nkhani zimene amakamba: ngongole zosowetsa tulo, ulemu kwa makolo, apongozi olowerera m'banja, ndi wantchito wonyozedwa m'nyumba ya bwana wake. Zoterezi zimafika pamtima ngakhale munthu akungowerenga mawu omasulira m'munsi mwa kanema.