Mapepala a agogo musawadule, koma musawatsekerenso m'bokosi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, amene amajambula zithunzi pamanja. Agogo ake aamuna anali mphunzitsi, ndipo atamwalira anasiya bokosi lachitsulo lodzaza mapepala. Muli makope a ndakatulo ndi masewero amene sanasindikizidwepo, koma zambiri ndi zimene iye akuti zinyalala: maenvelopu, makalata owakanira zolemba zawo, mapepala ofufutafufuta, ngakhale mndandanda wa ngongole kuseri kwa ndakatulo. Funso lake n'lakuti, "Ndisunge ndakatulo zokhazo, zotsalazo ndizidule n'kumata pa zithunzi zanga? Kapena pamenepo ndikuwalakwira malemu?"

Achemwali, sizasiyo iikeni kaye pansi. Maganizo anu opanga luso kuchokera m'bokosimo ndikugwirizana nawo kwambiri. Chimene ndikukana n'choti mwasankha kudula mbali imene ili ndi nkhani yambiri.

Ndakatulo yolembedwa bwinobwino mu kope ndi imene agogo ankafuna kuti anthu aione. Pepala lofufutafufuta limaonetsa pamene anaima, n'kuganiza, n'kubweza mawu. Ndiye kumbukirani nthawi imene ankalemba. Mu 1968 kunabwera lamulo limene linakhazikitsa Censorship Board, bungwe la boma lounika ndi kuletsa mabuku, masewero ndi mafilimu, ndipo chaka chomwecho Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mu 1989 boma linalamula kuti aphunzitsi azikaphunzitsa m'zigawo zakwawo, ndipo ambiri ochokera kuno kumpoto anapakira katundu kuchoka pakati ndi kummwera. Tsopano tengani maenvelopu aja muwandandalike pamphasa potsata madeti a chidindo cha positi ofesi. Ngati keyala ya agogo inasintha mwadzidzidzi chaka chimenecho, mwapeza nkhani imene ndakatulo zawo mwina sizinayerekeze kuitchula. Mukapeza mzere wa Chitumbuka utakhwatchidwa, pamwamba pake n'kulembapo Chichewa kapena Chingerezi, uyang'anitsitseni.

Komabe musachite kukokomeza. Sikuti pofufuta paliponse panali mantha. Nthawi zina mzerewo unali wosakoma basi, ndipo mlembi aliyense ali nayo yotero yambirimbiri.

Zochita nazo zilipo zambiri, ndipo palibe imene ikufuna kuti pepala lenileni liwonongeke. Jambulani ndi foni pamene inki inakhwatcha mawu, mukuze chithunzicho, mupente pa nsalu yaikulu mpaka munthu aziona pamene cholembera chinakanikiza kwambiri n'kuboola pepala. Ngati mtima uli pa kumata, pangitsani fotokope, mudule imeneyo mmene mungafunire. Makalata okana aja ndi amene ine andikopa. Mutapeza mnzanu wa zisudzo, wina n'kumawerenga kalata ya mkonzi ndi ulemu wake wouma uja, wina n'kumayankha ndi ndakatulo imene inakanidwayo, anthu sangatuluke m'holo. Mndandanda wa ngongole nawonso musaupeputse. Munthu amene mbali ina ya pepala akulemba za nyanja, mbali inayo akuwerengetsa za shuga ndi palafini, ameneyo ndiye agogo anu athunthu.

Zoterezi ena anazichitapo. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wofufuza za nyimbo Hugh Tracey anayenda m'dziko muno akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zimene anajambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Patapita zaka zoposa 50, oimba amakono anatenga mawu a makolo athu aja n'kuwaluka m'nyimbo zatsopano. Zinatheka chifukwa zoyambirirazo panalibe anazidula.

Za kasungidwe, Mzuzu mukumudziwa. Chinyezi cha kuno chimameretsa nkhungu ngakhale pa nsapato, nanji pepala la zaka 40. Bokosilo lichoke pansi pa simenti, likhale pamwamba, kutali ndi khoma limene limanyowa komanso njira ya chiswe. Musakulunge mapepala m'jumbo, amachita thukuta. Chotsani timapini tadzimbiri pang'onopang'ono, selotepu ayi, ndipo wina akakuuzani kuti akuchitireni lamineti mukane, chifukwa pulasitiki ija ikamatirira siichokanso. Musanasunthe chilichonse jambulani mmene zinasanjikizirana, kenako pepala lililonse kumaso ndi kuseri, pamthunzi. Zithunzizo zikhale malo awiri kapena atatu, osati m'foni yokha. Tonse kuno tikukumbukira Disembala 2015, pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000. Chakudza sichiimba ng'oma. Mukafuna uphungu wa akatswiri, National Archives, nthambi ya boma yosunga zolemba zakale, imene inayamba mu 1947 ndipo likulu lake lili ku Zomba, ili ndi ofesi kuno ku Mzuzu.

Tsono za kulakwira malemu. Ine ndikuona kuti amene mungawalakwire msanga ndi amoyo. Pa mndandanda wa ngongole pali mayina a anthu, ndipo ana awo mumakumana nawo mumsika kapena kutchalitchi. M'makalata mungakhale nkhani za banja zimene azakhali anu sanauzepo munthu. Musanapachike chilichonse pagulu kapena pa Facebook, khalani pansi ndi akuluakulu a pabanja, muwaonetse, ndipo mayina a anthu ena muwaphimbe. Dziwaninso kuti umwini wa zolemba sutha tsiku la maliro. Malamulo athu amateteza ntchito ya mlembi zaka 50 iye atamwalira, choncho ngati mudzafune kugulitsa kapena kusindikiza, banja ligwirizane kaye, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zolemba ndi nyimbo, angakuunikireni.

Pokaonana ndi azakhaliwo mutenge kope limodzi ndi foni yotchaja bwino, muwapemphe chilolezo chojambula mawu awo. Malemba a agogo amene inu akukuvutani kuwerenga iwo amawadziwa, ndipo angakuuzeni kuti "Mr. N." wa m'mphepete mwa tsamba uja anali ndani.