Za Flash muiwale achimwene, chikusowa ndi ma codec

Achimwene a ku Namwera, mwati mwaika Linux Mint pa laputopu, YouTube ikusewera bwinobwino koma mavidiyo a pa Facebook akungoonetsa mdima, ndipo wina wakuuzani kuti musake Flash Player, pulogalamu yakale yoseweretsera mavidiyo pa intaneti. Musaonongerepo bandulo. Adobe inasiya Flash pa 31 Disembala 2020, ndipo Firefox 85 inaichotseratu mu Januwale 2021. Tsamba lomwe lero likukukakamizani kuti muike Flash, dziwani kuti ndi msampha.

Zizindikiro mwanenazo nthawi zambiri zimaloza ku ma codec, timapulogalamu tomasulira vidiyo ndi mawu kuti zisewere. YouTube imakonda kutumiza mavidiyo a mtundu wa VP9 kapena AV1, zomwe Firefox imatha kusewera payokha. Facebook imadalira kwambiri H.264 ndi mawu a AAC, ndipo pa izi Firefox imabwereka ma codec a mu kompyuta otchedwa libavcodec. Poika Mint pamabwera kabokosi kolembedwa "Install multimedia codecs", ambiri amakadumpha pothamangira kumaliza. Tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, mulembe sudo apt update, ikatha mulembe sudo apt install mint-meta-codecs. Ikafunsa pasiwedi, ilembeni mudine Enter. Kenako Firefox muitseke yonse, osati tabu yokha, muitsegulenso.

A Ubuntu phukusi lanu ndi ubuntu-restricted-extras. Lili mkati limaima pa chikalata cha zilembo za Microsoft, mausi osagwira, munthu n'kumayesa kuti makina auma. Dinani Tab kuti OK iwale, kenako Enter. Komabe kuyambira Ubuntu 21.10 Firefox imabwera ngati snap, phukusi lonyamula ma codec akeake, ndiye apo chothandiza ndi kuitseka n'kulemba sudo snap refresh firefox.

Mapulagini otsala mu Firefox ndi awiri basi, OpenH264 ya Cisco ndi Widevine ya Google yomwe Netflix ndi Spotify zimafuna. Widevine imadzitsitsa yokha mukachonga "Play DRM-controlled content" mu Settings, ingoidikirani pang'ono. Pofuna zatsopano lembani about:addons polemba adiresi, mupite pa Plugins, mudine kagiya, musankhe Check for Updates.

Izi muzichita batire itadzaza. Magetsi akathima phukusi lili theka, apt, yomwe imaika maphukusi, imakana china chilichonse mpaka mutalemba sudo dpkg --configure -a, kenako sudo apt -f install.

Vidiyo ikayamba kusewera koma n'kumadukaduka, fani ikulira ngati chigayo, musathamangire kunena netiweki. Laputopu zakale zilibe chipangizo chomasulira VP9 kapena AV1, ntchito yonse imagwera purosesa, ndiye ndi kutentha kwathu kuno kunyanja mu Okutobala imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Tsitsani vidiyo ifike pa 480p, kapena ikani h264ify kuchokera pa tsamba la zowonjezera la Mozilla, imakakamiza YouTube kutumiza H.264. Laputopuyo isakhalenso pamatiresi, mphepo imalowera pansipo.