Ndikadzuka usiku kuswali, Subuhi imandipita ndili m'tulo

FUNSO: Assalaamu alaikum a Shehe. Ndine mlimi wa kachewere kuno ku Tsangano. M'mwezi wa Ramadhani ndinazolowera kudzuka usiku, ndiye Idi itapita ndinati ndipitirize ndi swala ya usiku ya Tahajjud. Ndimadzuka cha m'ma 12 koloko n'kuswali nthawi yaitali, koma ndikabwerera kukagona ndimadzidzimuka dzuwa litatuluka, Subuhi, swala ya m'bandakucha, itapita. Kudimba ndimawodzera khasu lili m'manja. Pano chisanu chayamba, madzi a wudhu, odziyeretsera ndisanaswali, akuchititsa zala dzanzi. Kodi swala imeneyi ili ndi phindu lanji kwa munthu wa khasu ngati ine? Kapena ndi ya mashehe okha?

YANKHO: Wa alaikum salaam m'bale wanga. Swala imeneyi ndi yanu, musaisiye ayi. Chofunika kusintha ndi nthawi yodzukira ndi kutalika kwake.

Ndiyambe ndi chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu. Subuhi ndi faradhi, swala yokakamizika, pomwe Tahajjud ndi sunna, yosakakamizika. Ngati sunna ikukuphonyetsani faradhi, ndiye kuti penapake zasokonekera. Mtumiki Muhammad (s.a.w), m'hadith (mawu ake) yomwe ili m'buku la Imam Muslim, anati woswali Isha, swala yomaliza ya tsiku, pa jamaa (pagulu) ali ngati waima theka la usiku, ndipo woswali Subuhi pa jamaa ali ngati waswali usiku wonse. Ndiye mukuona chimene mukutaya pamene dzuwa likukupezani m'bulangete.

Tsono phindu lake n'lotani? Masana munthu amaswali maso a anthu ali pa iye. Kumzikiti tsiku la Ijumaa timavala bwino, timaimirira bwino, ndipo mtima ndi wonyenga, umakondwa ukamaonedwa. Usiku kulibe wokuonani. Ana agona, mudzi uli zii, ndinu ndi Allah basi. N'chifukwa chake Qur'an mu Surat Al-Muzzammil, ndime 6, imati kudzuka kwa usiku n'komwe kumakhazikitsa mtima ndi kuwongola mawu. Zimene lilime likuwerenga mtima umazimva. Fatiha yomwe masana imangodutsa pakamwa, usiku mumaimva liwu ndi liwu.

China, ndipo ichi chimandigwira mtima nthawi zonse. Bukhari ndi Muslim, osonkhanitsa hadith, analandira kuchokera kwa Abu Huraira, mnzake wa Mtumiki, kuti chikatsala chigawo chomaliza mwa zigawo zitatu za usiku, Allah amatsikira ku thambo loyandikira dziko m'njira yoyenera ulemerero wake, n'kumafunsa kuti ndani akundipempha ndimupatse, ndani akupempha chikhululuko ndimukhululukire. Sananene kuti ndi shehe uti akundipempha. Inu amene muli ndi ngongole ya feteleza, mwana wodwala, mtengo wa kachewere utagwa pamsika, ndinu amene mukuitanidwa. Pa sijida, mphumi ili pansi, nenani zonsezo m'mtima mwanu mopanda manyazi, ndipo mukapereka salamu yomalizira swala kwezani manja mupemphe m'Chichewa chomwechi.

Nthawi imeneyo timaiwerenga kuyambira Magharibi, dzuwa litangolowa, kufika Subuhi, n'kugawa patatu. Miyezi ya Juni ndi Julayi kwanu kuno chigawo chomaliza chimayamba cha m'ma 1 koloko. Simukukakamizika kudzuka pomwe chayambira. Tcherani foni kuti ilire patatsala mphindi 30 kapena 40 kuti adhana ya Subuhi imveke. Swalini marakaa awiri, mukhale ndi duwa ndi istighfar (kupempha chikhululuko), tsekani ndi witiri, swala yotsekera usiku, kenako musabwererenso pogona. Subuhi ikupezani muli maso ndi wudhu wanu. Mukatero mwagona tulo tokwanira, faradhi simunaiphonye, ndipo mwaima pa nthawi yabwino kuposa ya 12 koloko ija.

Mwina muona ngati marakaa awiri achepa. Mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki (s.a.w), anatiuza kuti Mtumikiyo ankaima pa swala mpaka mapazi kutupa, ndipo sankapitirira marakaa 11. Koma Mtumiki yemweyo anati ntchito zokondedwa kwambiri kwa Allah ndi zimene zimachitika mosalekeza ngakhale zichepe. Inunso kachewere simumuthirira madzi a mwezi wonse tsiku limodzi. Mtumiki analamulanso kuti amene akuwodzera pa swala akagone kaye, poopa kuti pofuna kupempha chikhululuko angadzitukwane yekha osadziwa. Ndipo Salman, mnzake wa Mtumiki, atapeza m'bale wake wa m'chipembedzo Abu Darda akudzizunza ndi kusala masana ndi kuima usiku, anamugoneka, n'kumudzutsa chakumapeto kwa usiku, akumuuza kuti Mbuye wake ali ndi gawo pa iye, thupi lake lili ndi gawo, banja lakenso lili ndi gawo. Mtumiki atamva anati Salman wanena zoona. Dimba limene limadyetsa ana anu lili m'gawo limenelo.

Za chisanu ndikukumvetsani. Ife a mumzinda wa Tete timadandaula kutentha, koma amene anagonapo kumapiri a Tsangano kapena ku Ulongwe mu Juni amadziwa kuti madzi ogonera panja sagwirika. Wudhu wa madzi ofunda ndi wololedwa, palibe cholakwa. Madzulo mayi a kunyumba akaphula nsima, ikani ketulo pa makala otsalawo, muthire madziwo mu fulasiki, muike pafupi ndi mswala pamodzi ndi jekete. Chimene chimagonetsa anthu ambiri ndi kuganiza zotuluka panja kukatunga mumtsuko. Ngati mayiwo angakonde, adzutseni mofatsa muswalire limodzi, koma tsiku limene mwana wawavutitsa usiku asiyeni apume.

Masiku okumba ndi kupakira matumba, pamene mukudziwa kuti thupi silidzuka, swalini witiri mukangomaliza Isha, pakuti Mtumiki (s.a.w) analoleza zimenezo kwa amene akuopa kuti sadzuka. Ndipo tsiku limene foni yalira inu osaimva, musataye mtima n'kusiyiratu. Mtumiki mwini, tulo kapena matenda zikamulepheretsa swala ya usiku, ankaswali masana marakaa 12.