Kodi Harish-Chandra anathawa fizikisi? Yankho kwa aphunzitsi a masamu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a masamu a ku sekondale. Akuti akuwerenga nkhani ina anakumana ndi dzina la Harish-Chandra, ndipo anali ndi mafunso awiri. "Munthu ameneyu anachita chiyani kwenikweni, poti paliponse akungoti anali katswiri wa representation theory koma osanena kuti chimenecho n'chiyani? Nanga n'zoona kuti anasiya fizikisi chifukwa inamukanika?"

Zikomo aphunzitsi. Ndiyamba ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndi limene landiyabwa.

Ayi, sinamukanike. Harish-Chandra anabadwa pa 11 Okutobala 1923 ku Kanpur, kumpoto kwa India. Bambo ake anali injiniya woyang'anira ngalande za ulimi wothirira. Dzina lake linali liwu limodzi, Harishchandra, ndipo kamzere kapakatiko anaika ndi mkonzi amene anakonza mapepala ake oyamba, mwiniwake n'kungokasiya choncho. Ali pa yunivesite ya Allahabad anapeza mulaibulale buku la Paul Dirac, katswiri wa fizikisi wa ku England, la quantum mechanics (fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono ngati ma atomu), ndipo linamugwira mtima moti anatsimikiza zokhala katswiri wa fizikisi. Digiri yoyamba anatenga mu 1941, yachiwiri mu 1943, kenako anapita ku Bangalore kukagwira ntchito ndi katswiri wa fizikisi Homi Bhabha. Mu 1945 anafika ku Cambridge n'kukhala wophunzira wa Dirac yemwe uja. Ali kumeneko anamvetsera nkhani ya katswiri winanso wa fizikisi, Wolfgang Pauli, n'kumuonetsa pamene analakwitsa, ndipo Pauli anali munthu woopedwa chifukwa cha lilime lake lakuthwa. Awiriwa anakhala mabwenzi. Mnyamata amene fizikisi yamukanika sachita zoterozo.

Chimene chinachitika n'china. Pa digiri yake ya PhD, imene anamaliza mu 1947, ankafufuza za gulu la Lorentz (tanthauzo la gulu m'masamu ndifotokoza patsogolopa), limene lili pamtima pa chiphunzitso cha Einstein chokhudza malo ndi nthawi. Tsiku lina anadandaulira Dirac kuti umboni wa zimene wapeza sunali wokhwima mokwanira. Dirac anamuyankha kuti iye alibe nazo ntchito za umboni, chimene amafuna kudziwa ndi zimene chilengedwe chimachita basi. Harish-Chandra analemba yekha pambuyo pake kuti mawu amenewo anatsimikizira zimene ankaganiza kale: kuti analibe kafungo kachinsinsi kamene munthu amafunika kuti apambane mu fizikisi, ndipo posakhalitsa anasamukira ku masamu.

Ambiri amawerenga mawu amenewa ngati munthu akuvomereza kuti wagonja. Ine sindiwamva choncho. Dirac ankatha kudumpha mtsinje n'kukatera kutsidya osanyowa, ndipo nthawi zambiri ankatera pamalo oyenera. Harish-Chandra sankagona tulo mpaka atayala mlatho wonse, thabwa ndi thabwa, n'kuupondaponda kuti aone ngati ukulimba. Atapita ndi Dirac ku Princeton mu 1947 ngati womuthandiza, anakumana ndi anthu a mtima ngati wake, a Hermann Weyl, Emil Artin ndi Claude Chevalley, ndipo sanabwererenso.

Tsopano funso loyamba lija. Tiyeni tipite kukhitchini.

Tengani mafuwa atatu, muwatche A, B ndi C. Mungawasunthe m'njira zingati kuti mphika ukhalebe bwino pamalo atatu omwewo? Mukhoza kuwasiya momwe alili. Mukhoza kuwazunguza onse kulowera kumanja, kapena kumanzere. Mukhozanso kusiya limodzi n'kusinthanitsa awiri enawo, ndipo zimenezi zili m'njira zitatu. Zonse pamodzi ndi 6. Mukachita kusuntha kumodzi kenako kwina, zotsatira zake zimakhala chimodzi mwa 6 zomwezo, ndipo kusuntha kulikonse kungathe kubwezedwa. Chinthu chotere akatswiri amachitcha group, ife tingoti gulu. Onaninso kuti choyamba ndi chiti n'kofunika: kuzunguza kenako kusinthanitsa sikufanana ndi kusinthanitsa kenako kuzunguza.

Inu mumaphunzitsa ma matrix, ndipo mumawauza ana kuti AB nthawi zambiri safanana ndi BA. Apa ndiye pagona nkhani. Representation ndi kupatsa kusuntha kulikonse matrix yake, m'njira yoti kuchulukitsa ma matrix awiri kufanane ndendende ndi kuchita kusuntha kuwiriko motsatizana. Gulu limene linali la miyala ndi manja lasanduka manambala oti munthu angawerengetsere.

Pa mafuwa athuwa pali njira zitatu zokha zimene sizingaphwanyidwenso kukhala zing'onozing'ono. Yoyamba ndi yaulesi: kusuntha kulikonse kupatseni 1. Yachiwiri: kuzunguza ndi kusiya momwe alili kupatseni 1, kusinthanitsa kupatseni -1. Yachitatu imagwiritsa ntchito ma matrix a 2 × 2, ozunguza ndi madigiri 120 ndi otembenuza ngati pagalasi. Kukula kwake ndi 1, 1 ndi 2, ndipo 1² + 1² + 2² = 6, nambala ya mamembala a gulu lija. Sizinangochitika mwangozi, zimatero pa gulu lililonse lokhala ndi mamembala owerengeka. Representation ina iliyonse ya gululi imamangidwa ndi njerwa zitatu zimenezi. Yesani mkalasi tsiku lina ndi zitsekerero zitatu za mabotolo, mudzaona ana amene amagona pa ma matrix akudzuka.

Anayambitsa zimenezi ndi Ferdinand Georg Frobenius wa ku Berlin mu 1896, poyankha makalata a Richard Dedekind. Chida chake chachikulu chinali character. Masiku ano timaipeza pophatikiza manambala a pamzere wopingasa wa matrix iliyonse, ndipo kanambala kamodziko pa kusuntha kulikonse n'kokwanira kuzindikiritsa representation yonse, monga momwe mumazindikirira m'bale wanu pongomva kutsokomola kwake kuseri kwa nyumba.

Koma magulu ena alibe malire. Gudumu mungalizunguze ndi digiri iliyonse, ngakhale theka la theka. Mukaphwanya zinthu potsata gulu la kuzungulira kumeneku mumapeza zimene Joseph Fourier anapeza kale, zoti phokoso lililonse lobwerezabwereza ndi msakanizo wa mamvekedwe osavuta, monga kwaya imene khutu lozolowera limatha kusiyanitsamo besi ndi soprano. Weyl anakonza nkhani ya magulu otsekeka ngati amenewa m'zaka za m'ma 1920. Ovuta anali magulu otseguka, amene mungayendemo mpaka kalekale osabwerera pamene munayambira. Chitsanzo chapafupi ndi ma matrix onse a 2 × 2 amene determinant yake ndi 1. Gulu la Lorentz nalonso lili m'mtundu umenewu. Kumeneku njerwa zofunika zija zimakhala ma matrix opanda polekezera, ndipo mukati muphatikize manambala a pamzere wopingasa kuti mupeze character, kuphatikizako sikufika pa yankho.

Mu 1947 Valentine Bargmann, komanso Israel Gelfand ndi Mark Naimark ku Moscow, anathana ndi zitsanzo zing'onozing'ono. Harish-Chandra anati iye atenga banja lonse la magulu otchedwa semisimple nthawi imodzi, osati limodzilimodzi. Ntchitoyi inamutengera zaka zoposa 25, kuyambira ali ku Columbia University ku New York, kumene anakhala kuchokera 1950 mpaka 1963, mpaka ku Institute for Advanced Study ku Princeton kumene anakhala moyo wake wonse wotsala. Poyamba anasonyeza kuti character ili ndi tanthauzo ndithu ngakhale matrix ilibe polekezera. Kenako anatsimikiza kuti character imeneyo ndi function yeniyeni yoti ingalembedwe. Pamwamba pa zonsezi pali mapepala awiri a mu 1965 ndi 1966 m'magazini ya Acta Mathematica, onena za discrete series, njerwa zapadera zimene zina zonse zimachokerako. Ananena magulu amene ali nazo ndi amene alibe, n'kupereka ma character ake. Chodabwitsa n'chakuti anatsimikiza kuti zilipo asanazimange n'komwe, anangozizindikira ndi kutsokomola kuja. Ena ndi amene anadzazimanga pambuyo pake. Pofika 1976 anamaliza Plancherel formula, imene imanena mlingo wa njerwa iliyonse mu msakanizo, zomwe Fourier anachita pa gudumu koma tsopano pa magulu onsewa.

Ndisakunamizeni kuti mapepala ake ndi okoma kuwerenga. Ndi aatali, lemma (kamfundo kotsimikizidwa kothandiza kufika pa mfundo yaikulu) pamwamba pa lemma, ndipo mumatha masamba ambiri musanadziwe kumene akukutengerani. Ndinayesapo limodzi ndili wophunzira, ndinalekera panjira. Koma ntchito yaikulu ya Robert Langlands, yolumikiza magulu amenewa ndi chiphunzitso cha manambala, yatsamira kwambiri pa maziko amenewa, ndipo Langlands mwiniwake ndi amene analemba mbiri ya moyo wa Harish-Chandra atamwalira.

M'mbiri imeneyo muli nkhani ya mendulo ya Fields, mphoto yapamwamba kwambiri ya masamu, ya mu 1958. Dzina lake linaganiziridwa, koma akuti mmodzi mwa oweruza, munthu wa mawu amphamvu, ankamuona ngati wa Bourbaki, kagulu ka akatswiri a masamu a ku France. René Thom ankamuonanso chimodzimodzi, ndipo sanafune kuti awiri a kagulu kamodzi apate. Mendulo inapita kwa Klaus Roth ndi René Thom. Ulemu wina anaulandira: mphoto ya Cole mu 1954, umembala wa Royal Society mu 1973, ndi Padma Bhushan ya boma la India mu 1977.

Thupi ndi limene linalipira. Ankagwira ntchito mosadzimvera chisoni, ndipo mtima unayamba kumuvuta mu 1969, n'kubwerezanso mu 1970 ndi mu 1982. Ankakonda zojambulajambula, makamaka za akatswiri a ku France, ndipo ali mnyamata ankajambula yekha, koma nthawi ya zimenezo inkachepa chaka ndi chaka. Anamwalira pa 16 Okutobala 1983 ku Princeton, patangopita masiku asanu atakwanitsa zaka 60, m'sabata ya msonkhano wolemekeza mnzake Armand Borel. Msonkhano umene ankamukonzera iyeyo chaka chotsatira unasanduka wa chikumbutso.

Ku Allahabad, kumene masiku ano akuti Prayagraj, kuli malo a kafukufuku amene mu 2000 anapatsidwa dzina lakuti Harish-Chandra Research Institute. Kumeneko amachita masamu ndi fizikisi yomwe.